SITOLO YACIWIRI NDIYO IYESA MWINI MALONDA

M'misika ya Cigawo ca Kum'mawa, kuyambira ku Nyimba mpaka ku Lundazi, muli nkhani imodzi imene imamveka kawirikawiri, ngakhale maina a eni ake amasiyana. Munthu anayamba ndi kupha mbuzi imodzi pa tsiku la msika, napacika nyama yake pa mtengo. Patapita zaka anamanga kabuchala ka njerwa, nagula firiji, nayamba kupha ng'ombe. Anthu anayamba kumpatsa moni ndi manja awiri. Pamenepo anagulitsa ng'ombe za m'khola mwake kuti apeze mpamba, natsegula buchala yaciwiri pa msika wina, naikapo mphwake. Zaka ziwiri zisanathe zitseko zonse ziwiri zinali zotseka, ndipo ng'ombe zija sizinabwerere m'khola.

Zotere zikacitika, m'mudzi mumamveka zifukwa zambiri. Ena amati anamlodza anzake a nsanje, ena amati mphwake ndiye anadya ndalama, ena amaloza mowa. Koma woyang'ana bwino apeza kuti munthuyo sanasinthe konse, ndipo kusasinthako ndiko kunamgwetsa. Malonda anakula, koma mwini wake anapitiriza kuwayendetsa monga anayendetsera mbuzi imodzi ija: ndalama m'thumba la buluku, mawerengero m'mutu, ndipo mlonda wa zonse anali maso ake. Maso a munthu mmodzi akwanira sitolo imodzi. Sitolo yaciwiri imakhala kumene masowo safika, ndipo kumeneko kufunika zinthu zina zoimira maso.

ANTHU AWIRI, NCHITO ZIWIRI

M'dziko lino muli kampani imene mbiri yake ithandiza pa nkhani imeneyi, pakuti nayonso inayamba ndi mpeni ndi sikelo. Kampani ya Zambeef inalembetsedwa mu 1994, ndipo amene anaiyambitsa ndi anthu awiri. Woyamba ndi a Francis Grogan, amene anabwera m'Zambia mu 1991 kucokera ku Ireland, munthu wodziwa nyama ndi kakonzedwe kake. Waciwiri ndi a Carl Irwin, obadwira m'Zambia momwemuno, amene anaphunzira za mabuku a ndalama. Monga mwa mbiri imene kampaniyo imafotokoza, paciyambi inali ndi anchito 60, inali kupha ng'ombe 180 pa mwezi, ndipo nyumba yophera ng'ombezo sinali yake, inali yacita kubwereka.

Kunena zoona, ciyambi cimeneci n'cacikulu poyerekeza ndi buchala ya pa msika wa kumudzi. Anthu awiriwa anali ophunzira, anali pafupi ndi Lusaka, ndipo anali kudziwa njira za mabanki zimene mlimi wa ku Chadiza kapena ku Vubwi sazipeza msanga. Palibe cifukwa cobisira zimenezi. Komabe ng'ombe 180 pa mwezi ndi ng'ombe 6 cabe pa tsiku, ndipo kampani imeneyi, patapita zaka 25, inali ndi anchito oposa 7,000 ndi masitolo oposa 200.

Cinthu coyamba coti mwini buchala aone ndi mmene anthu awiriwa analili osiyana. Mmodzi anali kudziwa ng'ombe yonenepa ndi yoonda, nyama yabwino ndi yoyamba kuonongeka. Winayo anali kudziwa ngati nyamayo yabweretsa phindu kapena ai. Nzeru ziwirizi sizipezeka kawirikawiri m'mutu umodzi. Amalonda ambiri a m'midzi ndi akatswiri pa nchito ya manja, kaya kupha nyama, kugaya, kusoka kapena kupala matabwa, ndipo malonda ao amayamba cifukwa ca luso limenelo. Koma luso la manja silidziwa kulemba buku. Amene alibe nzeru yaciwiriyi ayenera kuiphunzira, kapena kupeza munthu amene ali nayo ndi kumlipira. Mwana amene anamaliza sukulu ya sekondale, ngati ali wokhulupirika, angathe kusunga buku la sitolo bwino lomwe.

Mu 1995 kampani ya Shoprite ya ku South Africa inatsegula masitolo ake oyamba m'Zambia, ndipo Zambeef inapangana nayo kuti iziyendetsa mabuchala a m'masitolo amenewo. Apa ndi pamene kampaniyo inakumana ndi mayeso a sitolo yaciwiri, yacitatu mpaka yakhumi. Shoprite ikatsegula ku Kitwe, ku Livingstone kapena ku Chipata, nyama inayenera kufikako pa nthawi yake, yozizira, yodulidwa mofanana ndi ya ku Lusaka. A Grogan sakanatha kuima pa sikelo iliyonse, ndipo a Irwin sakanatha kuwerenga ndalama za m'kabati iliyonse. Malonda otere amayenda pokhapo ngati munthu wokhala kutali angathe kudziwa, poona mapepala okha, kuti makilo angati anacoka, angati anafika, angati anagulitsidwa.

BUKU NDI SIKELO

Nkhani ya makilo ndiyo mtima wa malonda a nyama, ndipo iyenera kufotokozedwa bwino. Ng'ombe yamoyo yolemera makilo 300 ikaphedwa, nicotsedwa cikopa, mutu, ziboda ndi za m'kati, nyama yotsala pa mbedza imakhala pafupifupi theka, makilo 150 kapena kuposerapo pang'ono malinga ndi kunenepa kwake. Ikagona m'firiji imauma ndi kupepukako. Poidula pamatayika tizidutswa ta mafupa ndi mafuta. Cotero munthu wogula ng'ombe mongoiyang'ana, nawerengera phindu lake pa kukula kwa thupi, amakhala atadzinamiza asanayambe n'kugulitsa komwe.

Mwini buchala akakhala yekha, zonsezi amazidziwa ndi manja, osalemba. Koma tsiku limene atumiza mwendo wa ng'ombe ku buchala yaciwiri, manja ake atha nchito. Mwendowo uyenera kupimidwa pocoka, wolandira aupimenso pofika, ndipo onse awiri alembe ndi kusaina. Madzulo nyama yotsala ipimidwe, ndipo ndalama za m'kabati zigwirizane ndi makilo amene acoka pa mbedza. Nchito imeneyi sitenga mphindi 20, koma ndiyo imene ambiri amaitaya poyamba, ati yacedwetsa kutseka.

Mwacitsanzo, ngati kilo ya nyama igulitsidwa K80, ndipo kilo imodzi yokha isowa tsiku lililonse, pa mwezi wa masiku 30 zasowa K2,400, ndipo pa caka zasowa K28,800. Ndalama zimenezi zikanagula ng'ombe, osati imodzi yokha. Cobvuta n'cakuti kilo imeneyi siyembekeza mbala kuti isowe. Imapita pa mbasela woonjezera kwa mnansi, pa ndiwo za kunyumba kwa wogulitsa, pa nkhongole ya munthu wolemekezeka amene anati adzalipira mwezi ukatha, ndiponso pa sikelo yotopa imene ipereka mopitirira. Bungwe la Zambia Metrology Agency, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2017, ndilo limayesa masikelo a malonda ndi kuikapo cizindikiro. Ambiri amaganiza kuti nchito imeneyi iteteza ogula okha, koma sikelo yonama ingabere mwini wake mofanana ndi mmene ingabere wogula.

Za nkhongole n'zosapeweka kumudzi, kumene wogula ndi mnansi, ndi wa mpingo umodzi, mwinanso ndi mlamu. Cofunika ndi buku lake lapadera, lokhala ndi dzina, tsiku, ndalama ndi tsiku lolipira, ndiponso malire amene wogulitsa sangapitirire popanda mau a mwini sitolo. Buku la nkhongole likanenepa kuposa kabati, sitoloyo yayamba kudyetsa mudzi ndi mpamba wake.

Koma mbala yaikulu ya malonda aang'ono, ngati n'kuloledwa kuichula tero, ndi mwini wake yemwe. Kukagwa maliro amatapa m'kabati. Nthawi ya feteleza ikafika amatapanso. Mlendo akafika panyumba amatuma mwana kukatenga makilo awiri, osalemba. Iye amati watenga zake, ndipo ndi zakedi, koma ng'ombe yotsatira igulidwa ndi ndalama zomwezo. Njira yake ndi yakuti mwini malonda adziikire malipiro a pa mwezi monga wanchito aliyense, ndipo maliro, feteleza ndi alendo zicokere m'malipiro amenewo. Masiku ano, pamene ndalama zambiri ziyenda pa foni, n'kwanzeru kukhala ndi nambala ya malonda yosiyana ndi ya panyumba, ndiponso akaunti ya malonda ku banki. Pali phindu linanso pamenepa: anchito akaona kuti bwana nayenso amalemba nyama imene watenga, palibe amene anganene kuti buku ndi msampha wochera iwo okha.

Ndalama za m'kabati si phindu, ndipo msonkho usonyeza zimenezi poyera. Amalonda aang'ono amalipira ku Zambia Revenue Authority msonkho umene uwerengedwa pa ndalama zonse zogulitsa, osati pa phindu. Mu 2025 Boma linakweza malire a msonkho umenewu kucoka pa K800,000 kufika pa K5 miliyoni pa caka, ndipo mlingo wake unaikidwa pa K5 pa K100 iliyonse. Tanthauzo lake n'lakuti wogulitsa nyama ya K100 apereka K5, kaya ng'ombeyo anaigula mochipa kapena modula. Amene saika ndalama imeneyi pambali mwezi ndi mwezi, pamodzi ndi za lendi, magetsi ndi laisensi ya ku khonsolo, amadya cakudya ca mawa poyesa kuti ndi phindu la lero.

ABALE NDI ANCHITO

Malonda akakula amafuna manja, ndipo manja oyamba kupezeka ndi a abale. Pakati pa Acewa ndi Ansenga, mwana wa mlongo ali ndi malo ake kwa atsibweni ake, ndipo pakati pa Angoni ana a mbale ndi ana a nyumba yomweyo. Kukaniza mbale nchito pamene mlendo walembedwa ndi mlandu umene umakambidwa pa maliro ndi pa maukwati kwa zaka zambiri. Sikulakwa kulemba mbale, ndipo masitolo ambiri aima cifukwa ca kukhulupirika kwa abale. Kulakwa ndi kumuika pa sitolo osachula malipiro ake, pongoti ndife amodzi, tidzaonana. Mbale wopanda malipiro amadzilipira yekha, ndipo mumtima mwake sadziona ngati wakuba, cifukwa wagwira nchito kuyambira m'mawa mpaka usiku. Tsiku lowerenga katundu likafika, mkangano umacoka m'sitolo n'kulowa m'banja, ndipo mwini malonda amataya zonse ziwiri, ndalama ndi mphwake.

Cotero mbale ayenera kulembedwa monga munthu wina aliyense, pamaso pa mboni ya m'banja ngati n'kotheka: nchito yake ndi iyi, malipiro ake ndi awa, tsiku lolandira ndi ili, ndipo katundu adzawerengedwa kawirikawiri popanda kukwiyirana. Kuwerenga katundu kukakhala kwa mlungu ndi mlungu, palibe amene amadabwa nako. Kukacitika kamodzi pa caka, mwini sitolo atamva mphekesera, kumamveka ngati mlandu.

Lamulo nalonso lili ndi mau pa nkhani ya anchito. Lamulo la Employment Code la mu 2019 linena kuti pangano la nchito la miyezi 6 kapena kuposerapo liyenera kulembedwa. Wolemba nchito ayenera kulembetsa anchito ake ku NAPSA, kumene wanchito apereka K5 pa K100 iliyonse ya malipiro ake ndipo bwana aonjezerapo K5 inanso, kuti munthuyo adzapeze penshoni akadzakalamba. Ku NHIMA, bungwe la inshuwalansi ya zaumoyo, aliyense wa awiriwa apereka K1 pa K100. Palinso Workers' Compensation Fund Control Board, kumene bwana yekha ndiye apereka, kuti wanchito akapweteka pa nchito athandizidwe. Amene anaonapo makina oceka mafupa kapena lamba wa cigayo adziwa kuti cala cimacoka m'kamphindi. Ndalama zonsezi ziyenera kuwerengedwa munthu asanalembedwe. Wanchito wa K2,000 pa mwezi sadya K2,000 yokha ya sitolo.

Cobvuta koposa malamulo ndi mtima wa mwini malonda. Munthu amene anayamba yekha amakhulupirira kuti palibe wina angadule nyama monga iye, ndipo nthawi zambiri amanena zoona. Koma akaika kapitao pa sitolo yaciwiri, namkaniza kugamula kanthu kalikonse, ndiye kuti waika mlonda cabe. Magetsi akazima masana, kapitao ayenera kudziwa ngati ali ndi mphamvu yotsitsa mtengo kuti nyama ituluke isanaonongeke, ndiponso kuti angatsitse kufika pati. Akayamba wafunafuna bwana amene ali ku famu kogula ng'ombe, kumene foni sigwira, nyama idzanunkha akali kuyembekeza yankho. Mphamvu zimenezi zinenedwe poyera pa ciyambi, ndipo kapitao akagamula mkati mwa malire ake, bwana asamcititse manyazi pamaso pa anchito anzake kapena pa ogula. Cidzudzulo cili ndi malo ake, kuseri kwa citseko. Kapitao wonyozedwa pagulu amaphunzira cinthu cimodzi cokha, kubisa zolakwa.

Pamenepa nchito ya mwini malonda imakhala itasintha. Sakhalanso wodula nyama. Akhala wogula ng'ombe, wophunzitsa anyamata, woyendera masitolo pa tsiku losayembekezeka, ndi wowerenga mabuku usiku. Ambiri siwakomera nchito yatsopanoyi, pakuti ilibe phokoso la msika ndi macezedwe a ogula, ndipo amabwerera ku mpeni, kusiya mabuku akudyedwa ndi ciswe.

WALIRA MVULA WALIRA MATOPE

Kukula kwa Zambeef sikunali kosalala. Mu 2003 kampaniyo inalowa pa msika wa masheya wa ku Lusaka, kutanthauza kuti anthu wamba anayamba kugula gawo la umwini wake, ndipo mabuku ake anayenera kuyesedwa ndi akatswiri akunja kwa kampani ndi kufalitsidwa caka ndi caka. Mu 2008 inagula Master Pork, yokonza nyama ya nkhumba, ndi Zamanita, yoyenga mafuta ophikira. Inatsatira Shoprite ku Nigeria ndi ku Ghana, inabzala migwalangwa ya mafuta ku Mpika, ndipo mu 2011 inalowa pa msika wa masheya wa ku London ndi kugula mafamu aakulu a ku Mpongwe.

Mu 2013 akuluakulu a zaumoyo ananena kuti m'nyama ina imene kampaniyo inaitanitsa kunja munapezeka mankhwala osayenera. Nyamayo inacotsedwa m'masitolo ndipo kampaniyo inaleka kuitanitsa nyama ya ng'ombe kunja, koma ogula ambiri anayamba atalambalala. Dzina la malonda likakhala pa zitseko zambiri, colakwa ca pa citseko cimodzi cimalipidwa ndi zitseko zonse. Zili cimodzimodzi ndi wa mabuchala awiri: nyama yosayesedwa ndi woyang'anira zaumoyo wa khonsolo, kapena ng'ombe yogulidwa usiku popanda cikalata ca adokotala a ziweto ndi ca apolisi, ikagwidwa pa msika umodzi, mbiri imafika pa msika winawo dzuwa lisanalowe.

Pambuyo pake kampaniyo inayamba kugulitsa zina mwa zimene inagula. Zamanita inagulitsidwa kwa Cargill mu 2015, caka cimene kwaca inagwa kwambiri, nkhongole za madola n'kulemera. Gawo lalikulu la munda wa migwalangwa linapita ku Industrial Development Corporation, kampani ya Boma, ndipo mu 2020 famu ya ku Sinazongwe inagulitsidwanso. Cifukwa cimene kampaniyo inapereka cinali kucepetsa nkhongole ndi kuika mphamvu pa malonda amene iwadziwa bwino. Akuluakulu anati ici cakoma ici cakoma pusi anagwa cagada, koma kampaniyi inazindikira isanagwe, ndipo sinacite manyazi kutula katundu.

Manyazi amenewa ndiwo amapha amalonda a m'midzi. Buchala ikayamba kubala, mwini wake amagula minibasi, kenaka amatsegula bala, kenaka cigayo, zonse ndi ndalama za buchala, ndipo palibe cimodzi cokhala ndi buku lakelake. Minibasi ikafa injini, ndalama zogulira ng'ombe ndizo zipita kwa makanika. Popanda mabuku osiyana, munthu sadziwa kuti mwa ana ake anai wodyetsa banja ndi uti, wodya banja ndi uti. Ndipo ngakhale atadziwa, amaopa kugulitsa minibasi kuti anthu angati wasauka.

Masiku ano mpamba upezeka mosabvuta kusiyana ndi kale. Mu 2021 Boma linakhazikitsa Unduna woona za malonda aang'ono ndi apakati, ndipo mu 2022 thumba la citukuko la CDF linakwezedwa kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera la phungu aliyense, gawo lina n'kupita ku makoparetivi, makalabu a amai ndi acinyamata monga thandizo ndi nkhongole. Mwai umenewu ndi waukulu, koma si woyamba m'mbiri ya dziko lino. Pa 19 Epulo 1968, ku Mulungushi, Mtsogoleri woyamba wa dziko, a Kenneth Kaunda, analengeza kuti malonda a masitolo m'madera ambiri akhale m'manja mwa nzika za Zambia. Anthu ambiri analowa m'masitolo amene amwenye ndi azungu anasiya. Ena anapambana, koma ambiri anapeza kuti kulandira kiyi wa sitolo n'kosiyana ndi kudziwa kusunga mpamba, ndipo mashelefu anatsala opanda kanthu. Nkhongole imakulitsa cimene yapeza. Ikapeza dongosolo imakulitsa phindu, ikapeza cisokonezo imakulitsa cisokonezo comweco.

Wofuna kutsegula sitolo yaciwiri ayenera kufunsa mabuku a sitolo yoyamba ngati ingathe kudyetsa inzake miyezi ingapo, pakuti sitolo yatsopano siyamba kubala tsiku lomwelo. Ayeneranso kusunga ndalama za tsiku loipa. Cilala ca mu 2024, cimene Mtsogoleri wa dziko, a Hakainde Hichilema, anacilengeza pa 29 Febuluwale kuti ndi tsoka la dziko lonse, cinacepetsa madzi a ku Kariba kotero kuti m'madera ambiri magetsi anali kubwera maola owerengeka cabe pa tsiku. Amene anali ndi ndalama pambali anagula jenereta kapena magetsi a dzuwa. Amene ndalama zao zonse zinali m'njerwa za sitolo yatsopano anayang'ana mafiriji akusungunuka.

MALONDA OPITIRIRA MWINI WAKE

A Irwin anapuma pa udindo wao mu 2018, ndipo a Grogan anatsika kumapeto kwa 2019. Mpando unapita kwa a Walter Roodt, ndipo mu 2022 unapita kwa mai Faith Mukutu, amene anali mkulu woyang'anira ndalama za kampaniyo. Anthu amene anaiyambitsa anacoka, masitolo anatsegulidwa m'mawa mwake monga mwa masiku onse. M'misika ya kumidzi zotere n'zosowa. Masitolo ambiri amaikidwa m'manda pamodzi ndi eni ake, cifukwa amene anali ndi nkhongole, kumene ng'ombe zinali kugulidwa ndi nambala yacinsinsi ya foni, zonse zinali m'mutu umodzi.

Pali njira ziwiri zolembetsera malonda ku PACRA, bungwe la Boma lolembetsa makampani. Yoyamba ndi kulembetsa dzina la malonda cabe. Imeneyi ndi yochipa, koma pamaso pa lamulo malondawo ndi mwini wake ndi munthu mmodzi, kotero kuti nkhongole ya sitolo ingalanditse ng'ombe za m'khola ndi malata a panyumba. Yaciwiri ndi kupanga kampani, monga mwa lamulo la makampani la mu 2017. Kampani ifuna eni ake osacepera awiri ndi madailekitala osacepera awiri, ndiponso kupereka malipoti caka ndi caka. Koma kampani ndi munthu payokha pamaso pa lamulo. Ili ndi katundu wake ndi nkhongole zake, ndipo mwini mmodzi akamwalira, oloŵa m'malo amagawana masheya, pamene firiji, sikelo ndi mbedza zitsala pamalo pake.

Munthu akamwalira osasiya kalata yogawira cuma cake, imene ambiri aichula kuti wilo, lamulo la cuma ca masiye la mu 1989 ndilo ligawa. Pa K100 iliyonse, K50 ipita kwa ana, K20 kwa mkazi kapena mwamuna wotsala, K20 kwa makolo a womwalirayo, ndipo K10 kwa ena amene anali kuwasunga. Malo a mwambo, okhala m'manja mwa mafumu, lamuloli siliwakhudza. Lamuloli linabwera kudzateteza amai amasiye ndi ana ku mcitidwe wolanda cuma, ndipo lathandiza ambiri. Koma buchala siigawika bwino pa zigawo zinai. Kuti aliyense alandire gawo lake, kawirikawiri firiji imagulitsidwa kwa uyu, makina oceka kwa uyo, nyumba n'kubwerekedwa kwa wogulitsa salaula, ndipo anchito amabwerera kumudzi.

Mwini malonda amene afuna kuti sitolo idzatsale ayenera kusankha womlowa m'malo akali moyo, kaya ndi mwana, mphwake, mkazi wake kapena kapitao wokhulupirika, namuonetsa mabuku, namdziwitsa kwa alimi ogulitsa ng'ombe ndi kwa a ku banki, namsiyira sitolo mlungu wathunthu kuti aone ngati iyenda. Banja liuzidwe poyera, kuti nkhaniyo isadzayambire pa maliro. Pambuyo pake alembe wilo. Kalata imeneyi iyenera kusainidwa ndi mwini wake pamaso pa mboni ziwiri zokhala pamodzi nthawi yomweyo, ndipo mbonizo zisakhale mwa anthu amene adzalandirako kanthu.